Mmene mungayesere uneneri musanachitepo kanthu

Mu Seputembala chaka cha 2025, magulu a WhatsApp amene ine ndilimo, kuyambira la mpingo mpaka la anthu akumudzi kwathu okhala kuno ku Johannesburg, anadzaza ndi kanema wa bambo wina wa dziko lino la South Africa, Joshua Mhlakela, amene ankanena kuti Yesu anamuonekera n'kumuuza kuti mkwatulo uchitika pa 23 kapena pa 24 mwezi womwewo. Mayi wina wa mumpingo mwathu, amene amagwira ntchito ya m'nyumba chakumpoto kwa mzindawu, anandiimbira foni usiku n'kundifunsa kuti, "Abambo, kodi fizi ya mwana nditumizebe kumudzi, kapena ndidikire kaye tione?" Sankaseka ayi, ndipo si munthu wopepera. Ndi mayi wopemphera, amene wakhala zaka zambiri akudzimana kuti mwana wake aphunzire, koma mawu akuti "Ambuye andiuza" anamufooketsa nkhongono. Masiku awiriwo anadutsa, tsikulo analisunthira mu Okutobala, nalonso linadutsa, ndipo kusukulu kuja ankafunabe fizi yawo.

Ndikulemba izi monga munthu wokhulupirira kuti Mulungu amalankhula ndi anthu ake kufikira lero, choncho amene akuyembekeza kuti ndinyoza aneneri onse sapeza zimenezo muno. Paulo, polembera Atesalonika m'kalata yake yoyamba, pa chaputala 5 ndime 19 mpaka 21, anaika malangizo awiri pamodzi: tisanyoze mawu a uneneri, komanso tiyese zonse ndi kusunga chokhacho chimene chili chabwino. Ambiri a ife tinagwira theka limodzi n'kutaya linzake. Ena amameza chilichonse chimene chatuluka pakamwa pa munthu wa Mulungu, ena anapsa kamodzi ndipo tsopano safuna n'kumva komwe. Chimene ndikufuna kuti mutenge m'nkhaniyi n'chakuti mawu ochokera kwa Mulungu saopa kuyesedwa ndipo savunda mukawadikiritsa sabata imodzi, pamene mawu abodza nthawi zonse amakhala ndi changu ndipo amakwiya mukawafunsa mafunso.

Tiyambe ndi kuvomereza chimene chimatipangitsa ife a kuno kugwa msanga. Munthu amene pasipoti yake inatha masiku, amene akaona galimoto ya apolisi pa Park Station mtima umagunda poganiza za ku Lindela kumene amasungira alendo oti abwezedwe kwawo, amene lendi ya kachipinda ku Hillbrow kapena ku Diepsloot ikumudikira pomwe maganyu asowa, ndipo kumudzi akuimba foni kuti feteleza wakwera, munthu wotere amafunitsitsa wina amuuze kuti chaka chino zitheka. Njala imeneyi si tchimo, koma ndi khomo limene onyenga amalowera. Baibulo lili ndi nkhani ya anthu amene anali m'dziko la eni ngati ife, ndipo ndikupemphani kuti muwerenge machaputala 28 ndi 29 a Yeremiya modekha musanapitirire ndi china chilichonse. Hananiya anaimirira m'Nyumba ya Yehova pamaso pa ansembe ndi anthu onse n'kulengeza kuti pasanathe zaka ziwiri goli la mfumu ya Babulo lithyoka ndipo otengedwa ukapolo abwerera kwawo. Unali uthenga wokoma, kotero kuti Yeremiya yemwe anayankha kuti Amen, Yehova achitedi zimenezo, koma anawonjezera kuti mneneri wolosera mtendere amadziwika kuti ndi wotumidwa mawu ake akachitika. Hananiya anathyola goli la mtengo limene linali pakhosi pa Yeremiya, anthu akuona, ndipo Yeremiya anangochoka osalimbana naye. Hananiya anamwalira chaka chomwecho, mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndipo kalata imene Yeremiya anatumiza kwa otengedwa ukapolo ku Babulo inanena zaka 70, n'kuwalangiza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire, ndi kufunira mtendere mzinda umene akukhalamo. Ndime ya 11 ija timaikonda kwambiri, yonena za maganizo a mtendere amene Mulungu ali nawo pa ife, ili m'kalata yomweyi, ndipo inalembedwera anthu amene ankauzidwa kuti adikira nthawi yaitali. Pa ndime 8 pali chenjezo lina limene silitchulidwa kawirikawiri, lokhudza maloto amene anthu eni ake amalimbikitsa aneneri kuti awalotere. Kutanthauza kuti nthawi zina ndife amene timaitanitsa bodzalo.

Lembani kaye, kenako dikirani

Chinthu choyamba kuchita mukapatsidwa uneneri, kaya pa mapemphero a usiku, kaya kuphiri ku Yeoville kapena ku Melville Koppies kumene ambiri amakapempherako, kaya pafoni, ndi kuulemba tsiku lomwelo. Gulani kope laling'ono la ntchito imeneyi yokha. Lembani tsiku, dzina la amene walankhula, ndi mawu ake enieni mmene anawanenera, osati mmene mtima wanu wawamvera. Ngati anatchula nthawi, ilembeni. Zimaoneka zachibwana, koma kukumbukira kwa munthu kumakonda kukonza zinthu: pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzakumbukira chimodzi chimene chinachitika n'kuiwala zisanu ndi zinayi zimene zinalephera, ndipo mneneriyo naye adzakukumbutsani chokhacho chimodzicho. Kope silikondera. Polemba mudzaonanso msanga ngati mawuwo ali ndi kanthu, chifukwa uneneri wakuti "ndikuona ulendo patsogolo panu" kapena "pali wina kwanu amene sakondwa ndi kupita patsogolo kwanu" umakwanira Mmalawi aliyense wokwera basi yodutsa pa Beitbridge, ndipo mawu okwanira aliyense sangakhale umboni wakuti Mulungu walankhula ndi inu.

Mukalemba, dziikireni lamulo lakuti simuchita chinthu chosabwezeka chifukwa cha uneneri wokha. Kusiya ntchito, kugulitsa malo kumudzi, kuthetsa banja, kukwatiwa ndi munthu amene simukumudziwa, kusiya mankhwala, kupereka ndalama zonse zimene mwasunga: zimenezi zidikire. Pemphero, kulapa tchimo limene mukulidziwa kale, kuyanjana ndi mbale wanu, izi mukhoza kuyamba lero lomwe popeza Malemba anakulamulani kale. Koma wina akakuuzani kuti mukapanda kuchita pofika Lachisanu chisomo chichoka, dziwani kuti akufuna kukulandani nthawi yoganiza, monga amachitira ogulitsa katundu wokayikitsa mumsewu. Gideoni anapempha chizindikiro kawiri ndi ubweya wa nkhosa ndipo Mulungu sanamukanthe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa nkhani ya mankhwala ndiima pang'ono, chifukwa taika kale m'manda anthu amene sanayenera kufa, ndipo tonse tikudziwa kuvuta kwa kusonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi. Ngati mwauzidwa kuti mwachiritsidwa, thokozani Mulungu, pitirizani kumwa ma ARV anu kapena mankhwala anu a shuga ndi a BP, ndipo pitani kuchipatala akakuyezeni. Yesu atachiritsa akhate anawatuma kukadzionetsa kwa ansembe, amene pa nthawiyo ndiwo anali ndi udindo woyeza ndi kutsimikiza kuti khate latha. Machiritso enieni amalola kuyezedwa. Amene akukuletsani kukayezetsa ponena kuti kutero n'kusakhulupirira, akufuna chimene Yesu sanafune.

Miyeso ya m'Malemba

Muyeso umene ambiri amaudziwa uli pa Deuteronomo 18:21-22: mneneri akalankhula m'dzina la Yehova koma chinthucho osachitika, Yehova sanalankhule, ndipo musamuope munthuyo. Mawu akuti musamuope ndi ofunika, chifukwa mantha ndiwo amamanga anthu ambiri ngakhale ataona kale kuti ananamizidwa. N'zoona kuti machenjezo ena a Mulungu amasintha anthu akalapa, monga zinachitikira ku Nineve masiku 40 a Yona atakwana, ndipo Yeremiya 18 amafotokoza zimenezi momveka. Koma taonani kuti ku Nineve chimene chinasintha ndi chilango, chifukwa cha kulapa kooneka ndi maso kwa mzinda wonse. Zimenezi n'zosiyana ndi munthu amene analonjeza kuti mapepala anu atuluka mu Juni, ndipo Juni atadutsa akuti chikhulupiriro chanu n'chimene chinachepa kapena mbewu yanu, ndiye kuti chopereka chanu, inali yaing'ono.

Muyeso wachiwiri ndi wozama kuposa woyamba, ndipo ndi umene timauphonya kwambiri. Deuteronomo 13 akunena za mneneri amene chizindikiro chake chachitikadi, koma akukokera anthu kwa milungu ina, ndipo lamulo ndi lakuti asamumvere. Choncho kulondola si chidindo cha Mulungu. Mtsikana wa ku Filipi pa Machitidwe 16 ankanena zoona zokhazokha za Paulo ndi Sila, komabe mzimu umene unali mwa iye sunali wa Mulungu, ndipo ambuye ake ankapeza naye ndalama zambiri. Ndikunena izi chifukwa cha funso limene ndimalimva kawirikawiri: "Nanga anadziwa bwanji dzina la mayi anga ndi mudzi wathu?" Yambani mwadzifunsa njira zapansi pano. Kodi munalemba fomu pakhomo polowa? Kodi amene anakuitanani ku mapempherowo amakudziwani? Kodi pa Facebook panu palibe chithunzi cha mayi anu, dzina la mudzi, ndi uthenga wa maliro a chaka chatha? Amalawi a mumzinda uno timadziwana kwambiri kuposa mmene timaganizira, ndipo nkhani ya munthu wa ku Rosettenville imafika ku Cosmo City dzuwa lisanalowe. Koma ngakhale njira zonsezi zitakanika kufotokoza, funso lenileni likadalipo: atakutchulani dzina, anakutengerani kuti? Ngati mwatuluka mukuopa Mulungu, mukudana ndi tchimo lanu ndi kukonda Yesu Khristu koposa kale, pali chabwino. Ngati mwatuluka mukuona kuti popanda munthu ameneyu, mafuta ake, madzi ake ndi chithunzi chake pakhoma simungatetezeke, mwapatsidwa mkhalapakati wina, pomwe 1 Timoteo 2:5 akuti mkhalapakati ndi mmodzi.

Kuti muyese chiphunzitso muyenera kudziwa Baibulo lanu, ndipo apa palibe njira yachidule. Anthu a ku Bereya anatamandidwa pa Machitidwe 17:11 chifukwa ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zonena za Paulo zinali zoona, ndipo ameneyo anali mtumwi. Mukapatsidwa ndime, werengani chaputala chonse, muone amene ankalankhula, amene ankauzidwa, ndi chimene chinali kuchitika. Chitsanzo ndi ndime ija yakuti musakhudze odzozedwa anga, imene imatulutsidwa nthawi zonse munthu akafunsa funso. Ili pa Salimo 105:15, ndipo mukawerenga kuyambira pamwamba mupeza kuti ikunena za Abrahamu ndi ana ake pamene anali anthu ochepa, alendo oyendayenda m'mayiko a eni, ndipo Mulungu ankachenjeza mafumu kuti asawachite choipa. Ndimeyi ikuteteza alendo opanda mphamvu kwa anthu amphamvu. Sikuletsa mkhristu kufunsa mtsogoleri wake kuti zimene analosera zija zili pati.

Musayese nokha. Pa 1 Akorinto 14:29 Paulo akulamula kuti aneneri alankhule awiri kapena atatu ndipo ena ayese zimene zanenedwa, kusonyeza kuti mumpingo woyamba uneneri unkayesedwa poyera, mwini wake ali pomwepo. Tengani kope lanu lija mupite nalo kwa abusa anu kapena kwa akulu a mpingo awiri okhwima, makamaka amene sapindula kanthu mukamvera kapena mukakana. Ngati mpingo wanu uli kumudzi ndipo kuno mumangoyendayenda, imeneyo ndiyo mbali yoyamba kukonza, pakuti nkhosa yopanda khola ndiyo imagwidwa. Ndipo mneneri akakuuzani kuti mawu awa musauze aliyense, ngakhale amuna anu kapena abusa anu, kuopa kuti adani angawabe, chimenecho chokha n'chokwanira kuti muwakayikire.

Pali luso lina limene ndinaphunzira mochedwa, lolekanitsa zinthu zitatu: chimene munthu waona, tanthauzo limene wapereka, ndi chimene akuti muchite. Pa Machitidwe 21 Agabu anadzimanga manja ndi miyendo ndi lamba wa Paulo n'kunena kuti mwini lambayo adzamangidwa ku Yerusalemu. Zinali zoona. Abale atamva anamudandaulira Paulo kuti asapite, koma kumeneko kunali kumasulira kwawo kochokera m'chikondi, ndipo Paulo anapitabe. Munthu woona mtima akhoza kulota loto lenileni n'kulimasulira molakwa, choncho si aliyense wolakwitsa amene ali mmbulu wovala chikopa cha nkhosa. Kusiyana kumaonekera pamene mwamuwongolera: wolakwitsa chabe amavomera n'kupepesa, wonyenga amakuopsezani ndi temberero.

Ndalama ndi zipatso

Tsatirani kumene ndalama ikupita. Agabu yemweyu, pa Machitidwe 11, analosera njala yaikulu imene inadzachitika m'masiku a Klaudiyo, ndipo abale a ku Antiokeya anasonkha aliyense monga mwa kupata kwake. Thandizolo linapita kwa abale a ku Yudeya kudzera mwa Barnaba ndi Saulo, silinapite m'thumba la Agabu. Elisa anakana mphatso za Namani, ndipo Gehazi amene anazithamangira anatenga khate. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphamvu ya Mzimu, Petro anamuuza kuti atayike pamodzi ndi ndalama zakezo. Mika 3:11 akudzudzula aneneri olosera chifukwa cha ndalama kwinaku akunena kuti Yehova ali pakati pawo. Wantchito wa Mulungu ayenera kudya, ndipo chopereka ndi chakhumi zili ndi malo ake, koma mtengo woikidwa pa kuonana ndi mneneri, kapena mzere wa opereka R1000 wosiyana ndi wa opereka R100, zilibe chitsanzo chabwino ngakhale chimodzi m'Baibulo lonse.

Nkhaniyi inakula m'dziko lino mpaka bungwe la boma loona za ufulu wa zipembedzo ndi zikhalidwe, la CRL Rights Commission, linachita kafukufuku wa malonda a m'chipembedzo n'kutulutsa lipoti lake mu 2017, anthu ataona m'nyuzi akhristu akudyetsedwa udzu ndi kumwetsedwa petulo. Mu 2018 khoti la ku Limpopo linapeza Lethebo Rabalago wolakwa chifukwa chopopera anthu mankhwala ophera tizilombo a Doom kumaso ponena kuti akuwachiritsa. Anthu amene anagwada kuti apoperedwe sanali openga. Anafika pamenepo pang'onopang'ono, atazolowera kuti munthu wa Mulungu safunsidwa. N'chifukwa chake Yesu pa Mateyu 7 anati tidzawazindikira ndi zipatso zawo, n'kuwonjezera kuti ambiri adzati tinanenera m'dzina lanu, iye n'kuwakana. Zipatso zimafuna nthawi kuti zioneke. Onani mmene munthuyo amakhalira ndi mkazi wake, mmene amachitira ndi atsikana obwera kudzapemphereredwa, ngati amabweza ngongole, ngati pali wina aliyense padziko pano amene angamukhazike pansi n'kumudzudzula. Onaninso anthu amene akhala naye zaka zisanu, ngati akukula m'chikondi ndi m'kudziletsa kapena akungosauka ndi kuchita mantha.

Mtundu wina wa uneneri ndiukana poyera, ndiwo wotchula munthu kuti ndi mfiti. Mwauzidwa kuti azakhali anu kapena agogo anu ndiwo anamanga mwayi wanu, inu n'kusiya kuwatumizira thandizo, n'kuimbira abale kumudzi, ndipo nkhalamba imene ilibe mawu iyamba kusalidwa, mwinanso kumenyedwa kapena kuphedwa, monga zakhala zikuchitika kwathu. Malemba amafuna mboni ziwiri kapena zitatu pa mlandu uliwonse ndipo amaletsa umboni wonama, ndipo masomphenya a munthu mmodzi si mboni. Dziwaninso kuti kuloza munthu ufiti ndi mlandu m'malamulo a mayiko onse awiri, ku Malawi pansi pa lamulo la 1911 ndipo kuno pansi pa lamulo la 1957. Paulo akuti wonenera amalankhula zomangirira, zolimbikitsa ndi zotonthoza. Mawu ogawanitsa banja ndi kuika moyo wa wokalamba pachiswe sakukwanira pamenepo.

Za masiku otsiriza

Apa ntchito ndi yopepuka kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa Yesu anatseka khomo yekha. Pa Mateyu 24:36 ndi Marko 13:32 akuti za tsikulo ndi ola lake palibe adziwa, ngakhale angelo akumwamba, koma Atate okha, ndipo pa Machitidwe 1:7 anauza ophunzira kuti si kwa iwo kudziwa nthawi ndi nyengo. Choncho uthenga uliwonse wotchula tsiku, mwezi kapena chaka cha kubwera kwa Ambuye simufunika kuusalira kudya kuti mudziwe ngati ndi woona. Ukutsutsana ndi mawu a Yesu, basi. Ena amazemba ponena kuti tsiku silidziwika koma mwezi kapena chikondwerero cha Ayuda chikhoza kudziwika, koma mawu akuti nthawi ndi nyengo anatseka mpata umenewonso.

Mbiri ikutithandiza, chifukwa amene anayesa ndi ambiri ndipo ena anali anthu oona mtima. William Miller, mlimi wa ku America amene ankalalikira mu mpingo wa Baptist, anawerengetsa masiku 2,300 a pa Danieli 8:14, ndipo omutsatira anadikira pa 22 Okutobala 1844, ena atasiya mbewu zawo m'munda osakolola. Kwathu, Elliot Kamwana, amene anaphunzira kwa mmishonale Joseph Booth ku Cape Town, anabatiza anthu zikwizikwi m'dera la Nkhata Bay m'zaka za 1908 ndi 1909 akulalikira kuti ufumu watsopano ufika mu 1914, uthenga umene unakoma m'makutu a anthu otopa ndi msonkho wa atsamunda. Harold Camping anadzaza zikwangwani m'mayiko ambiri ndi tsiku la 21 Meyi 2011, atalephera kale mu 1994, kenako analisunthira pa 21 Okutobala, ndipo pambuyo pake anavomereza kuti kutchula tsiku kunali kulakwa. Taonani kuti nthawi iliyonse masamu ankaoneka olondola kwa amene ankawakhulupirira.

Zina zinathera m'manda. Ku Eastern Cape, mu 1856, mtsikana Nongqawuse ananena kuti Axhosa akapha ng'ombe zawo zonse ndi kusiya kulima, makolo adzauka ndi ng'ombe zatsopano ndipo atsamunda adzachoka. Anthu anali kale m'mavuto a nkhondo ndi matenda a ng'ombe. Masiku olonjezedwa atadutsa, mlandu unagwera amene anakana kupha ng'ombe zawo, ndipo njala ya 1857 inapha anthu zikwi makumi angapo. Ku Kanungu, m'dziko la Uganda, gulu lina linauza anthu kuti dziko litha pa 31 Disembala 1999, iwo n'kugulitsa katundu wawo kupereka kwa atsogoleri, ndipo pa 17 Malichi 2000 mazana a iwo anatenthedwa m'nyumba yopemphereramo, mitembo ina n'kupezeka m'maenje, onse pamodzi oposa 700. Ku Shakahola, m'dziko la Kenya, mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kusala kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Pa nkhani zonsezi njira yake ndi imodzi: anthu ovutika, lonjezo lokhala ndi nthawi, lamulo lotaya chimene chimawadyetsa, kudzipatula kwa abale, kenako kuloza chala okayikira. Mukaona ziwiri mwa zimenezi pamalo pamene mumapemphera, musadikire chachitatu.

Nanga zizindikiro? N'zoona kuti tikaona nkhondo ku Middle East, mliri umene unatitsekera m'nyumba kuyambira pa 27 Malichi 2020, namondwe Freddy amene anakokolola anthu ku Chilobwe mu Malichi 2023, kapena tikakumbukira mmene alendo anasakidwira mu Meyi 2008 kuyambira ku Alexandra, mtima umafunsa ngati mapeto afika. Koma werengani Mateyu 24:6-8 bwinobwino. Yesu anatchula nkhondo, njala ndi zivomezi pofuna kuti tisade nkhawa, n'kunena kuti chimaliziro sichinafike ndipo izi ndi chiyambi chabe cha zowawa. Ndime zimene anapereka kuti zitikhazike mtima pansi ndi zomwe ena akugwiritsa ntchito kutiopseza. Chimodzimodzinso chizindikiro cha chilombo cha pa Chivumbulutso 13: m'chaputala chonsecho nkhani ndi ya kulambira chilombo ndi fano lake, ndiye kuti ndi kusankha mbuye mwadala. Munthu sangachilandire mosadziwa kudzera mu katemera, khadi la kubanki, kapena chiphaso cha boma chojambula zala. Nambala ya 666 yakhala ikumatidwa pa mafumu, apapa, mapulezidenti ndi makina atsopano kwa zaka mazana ambiri, ndipo m'bale amene akukana kutsegula akaunti chifukwa cha mantha amenewa amangotsala akusunga malipiro ake pansi pa matiresi m'nyumba yogona anthu asanu ndi atatu.

Kukonzekera kubwera kwa Ambuye kumene Baibulo limaphunzitsa n'kooneka wamba. Kumapeto kwa Mateyu 24 kapolo wodala ndi amene mbuye wake adzamupeza akupatsa anzake chakudya pa nthawi yake. Ku Tesalonika kunali ena amene anasokonezeka ndi mawu akuti tsiku la Ambuye lafika kale, ndipo m'kalata yake yachiwiri kwa iwo Paulo analamula osagwira ntchito kuti agwire ntchito mwakachetechete ndi kudya chakudya chodzipezera okha. Mayi uja ndinamuyankha kuti atumize fiziyo m'mawa mwake, chifukwa ngati Yesu akanabwera pa 23, akanamupeza akusamalira mwana amene anamupatsa, ndipo palibe malo abwino opezekapo kuposa amenewo. Chinanso chaching'ono chimene aliyense angachite ndi kusatumiza uthenga wotere kwa ena. Kanema akafika ndi mawu akuti tumizani kwa anthu khumi musananyalanyaze, chala chanu chikakankha mwasanduka mboni ya chinthu chimene simunachiyese, ndipo amene adzachilandire kumudzi adzachikhulupirira chifukwa chachokera kwa inu.

Tsiku likadutsa

Chovuta kwambiri ndi mmene tingathandizire mbale amene wagwidwa kale. Kumunyoza sikuthandiza, chifukwa anauzidwa kale kuti abale ake adzamutsutsa, ndipo chipongwe chanu chimangotsimikiza uneneriwo m'maso mwake. Musadule ubale. Muimbireni, mudye naye nsima, ndipo m'malo momuuza kuti mneneri wake ndi wabodza, mufunseni mofatsa kuti, "Achimwene, kodi ananena kuti zichitika liti? Tilembe pamodzi, ndipo likafika tsikulo tidzakhale pansi tione." Mukatero mwamupatsa muyeso umene adzaugwiritsa ntchito yekha pamene inu palibe. Koma ngati pali ana amene akusalitsidwa kudya, wodwala amene waletsedwa mankhwala, kapena mtsikana amene akugwiriridwa m'dzina la kumasulidwa, nthawi yofatsa yatha, ndipo muyenera kuuza akulu a mpingo ndi apolisi. Nambala ya apolisi kuno ndi 10111, ndipo ngati mukuopa chifukwa cha mapepala anu, pemphani abusa kapena mbale amene mapepala ake ali bwino kuti akanene.

Tsiku likadutsa popanda chochitika, munthuyo amakhala ndi manyazi aakulu, ndipo manyazi ndiwo amabwezera anthu ambiri kwa yemwe anawanamiza, chifukwa kumeneko kokha n'kumene sakusekedwa. Ena amataya chikhulupiriro chonse poganiza kuti Mulungu ndiye anawanamiza. Pitani kwa iye sabata yomweyo, musatchule zakuti munamuchenjeza, muwerenge naye Deuteronomo 18:22 kuti aone yekha kuti Mulungu ananeneratu za anthu otere ndipo anati asaopedwe. Ngati anasiya ntchito, funsani m'gulu la akumudzi ngati pali amene akudziwa pofunika munthu. Ngati lendi yamuthera, mpingo usonkhe monga timasonkhera pa maliro, ndipo Lamlungu lotsatira mudzere kwawo kuti mukalowe naye limodzi m'tchalitchi, asalowe yekha.